Thupi kuzizira si kuchira

Kwathu ku Lizulu kumazizira. Amene munaimapo pamsika paja mu June kapena July, basi ikudikira kuti anthu agule kabichi, karoti ndi mbatatesi, mukuidziwa mphepo imene ndikunena. Chifukwa cha kuzizirako, ife akumtunda tili ndi kachikhulupiriro koti malungo ndi matenda a anzathu akuchigwa, a ku Bwanje ndi ku Golomoti, kumene udzudzu umaimba usiku wonse. Mwana akatentha thupi kwathu, mawu oyamba kutuluka pakamwa pa akuluakulu amakhala akuti ndi chimfine, kapena yamuomba mphepo.

Ndi mmene zinayambira pa holide ya chaka chatha. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka zinayi, anali atatha sabata imodzi chibwerereni kuchigwa, kumene anakacheza kwa azakhali ake. Tsiku lina madzulo anakana nsima, n’kukagona pamphasa thupi lili moto. Agogo sanachedwe. Anathyola masamba a bulugamu, a mandimu ndi nsonga za gwafa, n’kuwiritsa mumphika waukulu. Mwana ndi mayi ake anafunda bulangete limodzi, mphika uli pakati, kenako anamupatsa madzi omwewo pang’ono m’kapu. Anatuluka thukuta lokhalokha, anagona tulo, ndipo m’mawa anali panja akuthamangitsa nkhuku. Madzulo a tsiku lachiwiri thupi linatenthanso, mphika unabwereranso pamoto, ndipo m’mawa mwake anadzukanso bwinobwino.

Ine ndinali pomwepo. Ndisabise, ndinkajambula ndi foni. Semesita imeneyo tinali titaphunzira za nzeru za makolo, ndipo ndinkaona ngati ndatola chitsanzo chokoma cholembera asayimenti. Ndinawayamikiranso agogo, iwo n’kuseka kuti, “Amuna anga, kusukulu kwanuko ayamba kukuphunzitsani zanzeru tsopano.”

Usiku wachitatu mwana anayamba kuphupha, maso atatembenuka, mano atalumana. Tinamunyamula pa njinga yamoto ya kabaza, achemwali atamufungatira pakati, ine ndikutsatira pa ina. Kuchipatala anamubaya pachala, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri kachipangizo kanaonetsa mizere iwiri. Namwino sanatikalipire. Anangofunsa kuti, “Wayamba liti?” Achemwali anati lero ndi tsiku lachitatu. Namwinoyo anayang’ana ine, amene ndinavala tisheti yolembedwa dzina la yunivesite pachifuwa, ndipo sananene kanthu. Mwanayo anabayidwa jakisoni, anatumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo patatha masiku angapo anatuluka ali moyo. Lero ali ku sukulu ya mkaka. Zithunzi zija ndinazifufuta.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikumvetsera mmene ife ophunzira timakambira za mankhwala azitsamba, ndipo ndaona kuti tili magulu awiri omwe onse ndi aulesi. Gulu loyamba likangomva za masamba limakwinya mphuno, lati zimenezo n’zachikunja ndi zaumbuli, ngakhale ambiri mwa iwo anakula akumwa zomwezo. Gulu lachiwiri, lomwe ine ndinalimo, limawerenga mabuku awiri atatu onena za utsamunda n’kuyamba kulalikira kuti chilichonse chochokera m’tchire n’choyera, ndipo piritsi lililonse ndi chiwembu cha azungu. Magulu onsewa safunsa funso losavuta lija: tsamba limeneli limachita chiyani kwenikweni m’thupi, nanga ndi chiyani chimene silingachite?

Choyamba ndivomere kuti mphika wa agogo si wabodza. Mu masamba a bulugamu muli mafuta onunkhira omwe amathandiza munthu wotsekeka mphuno kumva bwino, ndipo mafuta omwewo mukawapeza atalembedwa pa kabotolo ka Vicks kamene mumagula mugolosale. Nthunzi yotentha imatulutsa thukuta, madzi ofunda amabwezera omwe thupi lataya, ndipo mwana amene wakumbatiridwa ndi mayi ake amakhazikika mtima pansi. Akatswiri m’mayunivesite ambiri a mu Africa ndi ku Asia ayesanso masamba a mitengo ngati nimu, chammwamba ndi gwafa, ndipo malipoti awo ambiri amati madzi osungunulidwa kuchokera m’masambawo amachepetsa ululu ndi kutentha thupi. Nkhani zotere ndi zimene zimazungulira m’magulu athu a WhatsApp, zili ndi mutu wokuwa wakuti sayansi yavomereza.

Koma tsegulani lipotilo muwerenge mpaka pansi, musathere pamutu. Nthawi zambiri odwalawo si anthu, ndi mbewa ndi makoswe oyera a m’labotale. Pofuna kuyesa kutentha thupi, amabaya khoswe yisiti pansi pa khungu, n’kudikira maola angapo kuti thupi litenthe, kenako ena amawamwetsa za masamba, ena panado kapena asipirini, ena madzi chabe, n’kumayeza. Pofuna kuyesa ululu, amabaya mbewa asidi wa mu viniga m’mimba n’kumawerenga kuti ikudzipinda kangati, kapena amaiika pachitsulo chofunda n’kuona nthawi imene itenge isananyambite phazi kapena kudumpha. Ife amene mbewa timazidziwa zili pa mpani m’mbali mwa msewu wa M1 tikhoza kuseka, koma imeneyi ndi ntchito yeniyeni ndipo ndi poyambira pabwino. Vuto ndi loti ndi poyambira basi. Khoswe uja alibe malungo, ali ndi yisiti. Ndipo zimene anamwetsedwazo kawirikawiri zimasungunulidwa ndi mowa wa m’labotale n’kuyezedwa pa sikelo molingana ndi kulemera kwake, pamene za kwathu zimayezedwa ndi dzanja la agogo ndi kukula kwa mphika umene uli wotsuka tsiku limenelo.

Kutentha thupi pakokha si matenda. Ndi mfuu ya thupi. Tizilombo tikalowa, thupi limapanga timadzi totchedwa prostaglandin, tomwe timakauza kachigawo kena ka ubongo kuti kakweze moto, ndipo timadzi tomweto timachititsa kuti ululu uzimveka kwambiri. Asipirini ndi bufeni amagwira ntchito potsekereza kupangidwa kwa timadzi timeneti. Tsamba limene lingachite zofanana nazo lathandizadi wodwala, mutu wasiya, thupi lazizira. Koma ngati choyambitsa ndi tizilombo ta malungo tomwe tikuswana m’magazi, kapena chibayo, kapena matenda oumitsa khosi, ndiye kuti mwatontholetsa mlonda wakuba akadali m’nyumba. Izi n’chimodzimodzi ndi panado wa m’hokala, ndipo ndikudziwa anzanga a pahositelo amene amameza awiriawiri kwa sabata yathunthu osapita kukayezetsa. Chowonjezera n’chakuti malungo ali ndi khalidwe lobwera ndi kupita. Thupi limatentha, thukuta limatuluka, munthu amapeza bwino, kenako zimabwereranso. Mpaka lero sindingalumbire kuti m’mawa uja mwana ankathamangitsa nkhuku chifukwa cha mphika kapena chifukwa malungowo anangopumira kaye.

Pamenepa ndi pamene ife a maphunziro a zilankhulo ndi mbiri tili ndi chonena, chifukwa gawo lina la msamphawu lili m’chilankhulo chathu chomwe. Mawu akuti malungo ndi akale kuposa maikulosikopu. Makolo athu ankawagwiritsa ntchito ponena kutentha ndi kuphwanya kwa m’thupi, kaya kwabwera ndi chiyani. Ngakhale m’Buku Lopatulika, matenda a apongozi ake a Petro adawamasulira kuti malungo. Achipatala atabwera, adatenga mawu omwewo n’kuwapatsa ntchito yopapatiza, yotchula nthenda imodzi yokha yobwera ndi udzudzu. Choncho agogo akanena kuti tsamba ili limachiza malungo, ndipo namwino akanena kuti silichiza malungo, onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona, kungoti mawu amodzi asenza katundu awiri. Mwana amafera pakati pa matanthauzo awiriwo. Ndikamva uthenga wa pawailesi ukungoti malungo ndi oopsa, ndimadzifunsa kuti gogo wa kumudzi akumva malungo ake ati.

Musaganize kuti kusokonezeka kumeneku ndi kwathu kokha. M’chaka cha 1763 m’busa wina wa ku England, Edward Stone, adalembera bungwe la Royal Society kuti wapeza mankhwala a nthenda yotenthetsa thupi ndi kunjenjemeretsa, imene masiku amenewo inkavuta m’madambo a kwawoko. Adalawa khungwa la mtengo wa willow, adaona kuti likuwawa ngati khungwa la cinchona lochokera ku South America, ndipo adaliumitsa, kulisinja ndi kumwetsa anthu pafupifupi 50. Ambiri adapeza bwino. Lero tikudziwa kuti khungwa la willow limaziziritsa thupi koma silipha tizilombo ta malungo, pamene la cinchona, mmene mudachokera kwinini mu 1820, limapha. M’busa uja adalakwitsa monga momwe tinalakwitsira ife pakhomo pathu. Kusiyana kwake n’kwakuti iye adalemba mlingo, chiwerengero cha odwala ndi zotsatira, ena adapitiriza pomwe adasiyira, ndipo pofika 1897 kampani ya Bayer ku Germany idapanga asipirini.

Nkhani imene anzanga a gulu lachiwiri amaikonda kwambiri ndi ya Tu Youyou, mayi wa ku China amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. N’zoona, mankhwala a LA amene timalandira m’zipatala zathu kuyambira 2007 muzu wake uli m’masamba a chitsamba cha Artemisia annua. N’zoonanso kuti mayiyu adapeza nzeru m’buku lakalekale la sing’anga wotchedwa Ge Hong, lomwe linkalangiza kunyika chitsambacho m’madzi ndi kufinya, osati kuwiritsa, ndipo apa ndi pamene adaganiza kuti mwina moto ndi umene ukuononga mphamvu yake. Koma amene amaima pamenepa amadula nkhani pakati. Gulu lake lidayesa zitsamba mazanamazana zimene mabuku akale ankazitamanda, ndipo pafupifupi zonse zidalephera. Chimene chidapambanacho adachiyesa pa mbewa zodwaladi malungo, pa anyani, pa iwo eni ofufuzawo, kenako pa odwala. Nzeru ya makolo idaloza njira, koma idafunika kusefedwa mopanda chisoni. N’chifukwa chake bungwe la WHO limaletsa kumwa tiyi wa Artemisia ngati mankhwala a malungo: mphamvu ya m’masamba imasiyana munda ndi munda, ndipo mlingo wochepa umasiya tizilombo tina tamoyo, tomwe tingazolowere mankhwalawo. Ife a Malawi tikudziwa kuwawa kwake. Mu 1993 tidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini chifukwa idaleka kugwira ntchito, tidapita ku Fansidar, nayonso idatopa. LA akatopa chifukwa cha tiyi wa m’mabotolo, tilowera kuti?

Pali kanthu kena kamene kanandiseketsa nditakazindikira. Mphika uja ndinkaujambula ngati chuma cha makolo a Chingoni, koma bulugamu kwawo ndi ku Australia, ndipo dzina lakelo ndi blue gum amene tidamupinda lilime. Gwafa adachokera ku America. Nimu, amene amamera kotentha ngati kuchigwa ndipo anthu amachita kutibweretsera masamba ake, kwawo ndi ku India, chimodzimodzi chammwamba. Tanthauzo lake n’lakuti agogo athu sanali osunga mwambo wouma. Mtengo wachilendo ukafika ankaununkhiza, kuulawa, kuuyesa, ukathandiza n’kuulowetsa mumphika. Anali ofufuza, kungoti analibe chowerengera amene sanachire. Munthu amakumbukira ana khumi amene adadzuka m’mawa, koma mmodzi uja amene sanadzuke amamuika ku mlandu wa mfiti kapena chifuniro cha Mulungu. Ndiye amene akuti kuyesa masamba athu m’labotale ndi kunyoza makolo, ineyo ndikuti sakuwadziwa makolowo.

Kukana kuyesedwa tidakuonapo kale mapeto ake. Mu 1995 anthu miyandamiyanda adakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape, umene ankati umachiza Edzi ndipo adauona kumaloto. Anthu adapita pa malole ndi mabasi, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Edzi idapitiriza kupha mpaka pamene ma ARV adafika. Mu 2020 mtsogoleri wa Madagascar, Andry Rajoelina, adaimika botolo la Covid-Organics pamaso pa makamera, ndipo ambiri a ife tinaombera m’manja pa Facebook kuti Africa yadzuka. Umboni woti chakumwacho chimachiza Covid sudabwere. Mchape wamasiku ano mukaupeza tsiku la msika kwathu komwe. Pakati pa milu ya tomato ndi anyezi pamakhala bambo wa sipika ndi tebulo la mabotolo ndi timapepala ta ufa, ndipo botolo limodzi lomwelo limachiza litsipa, nyamakazi, shuga, BP, malungo ndi mavuto a m’banja. Palibe dzina la mtengo, palibe mlingo wa mwana, palibe tsiku lothera mphamvu. Msewu womwewo ndiwo malire athu ndi Mozambique, ndiye wogulitsa akaona kuti zavuta mbali ino amangowoloka. Uyu musamuphatikize ndi agogo anga. Agogo amathyola tsamba lomwe akulidziwa, kumwetsa mwana yemwe akumudziwa, ndipo salandira kanthu. Chikomekome cha mkuyu chili pa tebulo lija.

Komanso mawu akuti zachilengedwe sizipweteka ndi bodza limene mlimi aliyense angakutsutseni, poti amadziwa masamba amene amapha mbuzi. Mafuta a bulugamu akamwedwa ndi poizoni kwa mwana. Madokotala a ku Malaysia ndi India adalembapo za makanda amene adakomoka ndi kutupa ubongo atamwetsedwa mafuta a njere za nimu. Mphika wowira pansi pa bulangete, pafupi ndi mwana wa zaka zinayi amene akuphiriphitha, nawonso ndi ngozi payokha. Asipirini yemwe, ndi mbiri yake yokomayo, achipatala amaletsa kupatsa ana otentha thupi.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukufuna kundiyankha, chifukwa inenso ndadziyankha chomwecho. N’kosavuta kulemba kuti thamangirani kuchipatala uli pa Wi-Fi ya pasukulu. Mayi wa kumudzi wa kuseri kwa phiri amawerengera ndalama ya kabaza, tsiku lathunthu lotayika kudimba, mzere wautali, ndipo mwina pamapeto pake auzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Zinandichitikirapo ineyo pachipatala china, ndinabwerako ndi kapepala m’manja basi. Munthu wotere akathyola gwafa kuseri kwa nyumba sakuchita zaumbuli, akuchita masamu. Ndipo nthawi zambiri masamu ake amalondola, chifukwa kutentha thupi kochuluka ndi chimfine chomwe chimatha chokha. Koma chifukwa chomwechi ndi chimene chikundichititsa kunena kuti dziko losauka ngati lathu ndi limene likufunika kwambiri kudziwa zoona za masamba ake. Wolemera akhoza kumwa tiyi wa zitsamba mongosangalala, dokotala wake ali pafoni. Wosauka akalakwitsa amalipira ndi mwana.

Njira yake ilipo, ndipo anzathu ena aiyenda. Ku Mali, ofufuza a nthambi ya boma yoona za mankhwala a makolo adayamba ndi kufunsa mabanja zimene amamwa akadwala malungo ndi mmene zidawathera. Chitsamba cha Argemone mexicana chitaoneka kuti chili ndi mbiri yabwino, adagwira ntchito limodzi ndi sing’anga wa m’mudzi, kuyeza magazi a odwala ake ndi kuyerekeza milingo yosiyanasiyana. Adapeza kuti madzi a masamba ake amathandiza makamaka akuluakulu ndi ana okulirapo amene malungo awo sanafike poopsa, koma kawirikawiri samaliza tizilombo tonse m’magazi. Yankho lotere silikoma kuika pa sitetasi, koma ndi limene mayi angaligwiritse ntchito. Musathamangire kukathyola chitsambacho, njere zake ndi poizoni. Chimene ndikusirira ndi kachitidwe kake.

Kwathu kuno maziko alipo. Jessie Williamson adasindikiza Useful Plants of Nyasaland mu 1955, Brian Morris adatulutsa Chewa Medical Botany mu 1996, Pulofesa Jerome Msonthi adafufuza zomera zathu zamankhwala ku Chancellor College, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium, kumene tsamba lingapatsidwe dzina lake lenileni. Tili ndi KUHeS, tili ndi MUST. Ndi m’dziko lomwe lino, ku chipatala cha Queen Elizabeth, mmene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonzera muyeso wa Blantyre Coma Score, umene madokotala m’maiko ambiri amayezera kukomoka kwa ana odwala malungo. Luso si limene likusowa. Ndikanakonda nditaona masamba asanu okha amene Amalawi amawiritsa kwambiri atayesedwa pa anthu mwadongosolo, zotsatira zake n’kulengezedwa m’Chichewa pawailesi, zokoma ndi zowawa zomwe. Ndikanakondanso lamulo litagwira tebulo la bambo wa sipika uja, kuti botolo lililonse lonena kuti limachiza lidutse kaye m’manja mwa bungwe ngati PMRA.

Ndipo ife amene anzathu a sayansi amatiseka kuti digiri yathu ndi yocheza, ntchito yathu ndi yoyambirira. Wa labotale sangayese tsamba limene palibe amene walemba dzina lake, nyengo yothyolera, kaphikidwe ndi amene amaletsedwa kumwa. Dzina limodzi limatha kutchula zomera ziwiri m’maboma awiri, ndipo chomera chimodzi chimatha kukhala ndi maina atatu pakati pa Dedza ndi Balaka. Zimenezi zimafuna munthu wodziwa kukhala pakhonde, kufunsa mwaulemu ndi kumva chimene mawu akutanthauza kwa mwini wake. Zimafunanso munthu wolimba mtima kufunsa funso limene ine sindinafunse ndili ndi foni m’manja: nanga amene sanachire ndi angati?

Pakhomo pathu tinagwirizana chinthu chimodzi, ndipo amene anachinena ndi agogo eni ake, osati ine. Mwana akatentha thupi, chala chikabayidwe tsiku lomwelo, mphika ubwere pambuyo ngati achipatala apeza kuti ndi chimfine chabe. Kwa akuluakulu a chimfine ndi mutu wa kuzizira, bulugamu akadali pamoto monga kale, ndipo inenso ndinafunda bulangete mwezi wa July wapitawu.

Holide ino ndayamba kuwajambula mawu agogo, tsopano ndi kope pambali. Tafika pa masamba 14. Ndikawafunsa mlingo amatambasula chikhatho n’kunena kuti chonchi. Sabata yatha ndinabwereka sikelo kwa mayi wina wogulitsa nyemba pamsika kuti tiyeze chonchi ameneyu. Tinayeza katatu masamba a mtengo umodzi womwewo, ndipo katatu konse sikelo inanena zosiyana. Agogo anaiyang’anitsitsa, kenako anati, “Amuna anga, lembani zonse zitatuzo.”